Mpando wa Pambali pa Kanyerere

Wazikepe anthu ankamukumbukira chikepe chikafa basi. Chikamayenda bwino, palibe ankadziwa kuti m'nyumba zosanja zija muli munthu amene amapaka girisi, kulimbitsa mabawuti ndi kutchera khutu ku zingwe ngati zikulira mwachilendo. Koma chingoima panjira muli bwana ndi chikwama chake, mukanamva nyumba yonse ikufunsa kuti wazikepe uja ali kuti, nanga malipiro amalandirira chiyani. Dzina lake lenileni linkapezeka pa zikalata zokha. Ngakhale apongozi ake ankamuitana ndi dzina la ntchito lomweli.

Ntchitoyo ankagwira yekha. Ankakwera pamwamba pa chikepe, mu mdima wa dzenje lalitali limene chimayendamo, tochi ili pamphumi, sipanala ili m'manja. Chikepe cha pambali chinkamudutsa chitadzaza anthu, iye n'kumatola zidutswa za nkhani zawo: theka la miseche, theka la nthabwala, kenako phwete likukwera m'mwamba mpaka kuzimirira. Mapeto a nkhanizo sankawamva.

Kunyumba zinalinso choncho, ngakhale kunalibe womuda. Ndinene msanga zimenezi, poti anthufe tikamva za munthu wosungulumwa timathamangira kufuna womulakwira. Mkazi wake, amene ankagulitsa m'sitolo ya mankhwala, anali wa mtima wabwino ndi pakamwa pachangu. Mwana wawo woyamba, mtsikana wa ku sekondale, ankamutcha Loya chifukwa sankagonja pa mtsutso. Wachiwiri, yemwenso anali chitsiriza, anali Kanyerere, kamtsikana kochepa thupi kosakhazikika pansi. Onse atatu ankamukonda. Koma foni ya kuntchito inali itamudzutsa patebulo kwa zaka zambiri, chakudya chili m'kamwa, moti iwo anazolowera kupitiriza popanda iye. Akalowa n'kuwapeza akuseka, ankafunsa kuti kwagwanji.

"Aa, ndi yaitali, ababa," ankatero Loya akupukuta misozi.

Sikuti ankamubisira. Kungoti kuti nthabwalayo imveke pankafunika kuyambira pa zimene zinachitika Lachiwiri, ndipo Lachiwirilo iye kunalibe. Ankangomwetulira n'kupita kukasamba. Zinkamupweteka, koma mlandu wotere ungakausume kuti, nanga ungautche chiyani?

Ndiye kunabwera nkhani ya ulendo. Iye ndi mkazi wake anali atasunga pang'onopang'ono kuti tsiku lina adzatengere ana kunja kwa dziko, kumalo aja a zisangalalo amene ana amawaonera pa foni: mzinda wathunthu wa masewera okhaokha, wokhala ndi mahotela ake, maiwe osambiramo, magudumu aakulu onyamula anthu, ndi anthu ovala ngati zidole akugwedeza manja tsiku lonse. M'banjamo munalibe amene anakwerapo ndege. Abwana ake a Wazikepe anavomera kumupatsa tchuthi chenicheni, choti foni ya kuntchito adzaisiya m'dirowa.

Ntchito anagawana Lamlungu lina m'mawa akumwa tiyi. Amayi anatenga za mapasipoti ndi hotela, Loya anatenga za ndege ndi zonse zofuna kudina pa foni, Kanyerere anati iye azisankha zokwera. Ababa sanapatsidwe kanthu, osati mwadala, koma poti aliyense ankayembekeza kuti foni ilira asanamalize tiyi.

Kanyerere anali atasankha kale. Inali sitima yaing'ono yopanda denga, yoyenda pa njanji zopindikapindika m'malere. Inkakwera pang'onopang'ono mpaka kupitirira mitengo yonse, kenako n'kudzigwetsa chamutu, kuzondoka, kukhota, anthu akukuwa manja ali m'mwamba. Mwanayo anaipatsa dzina loti Njoka. Loya anawerenga malamulo ake mokweza: mwana wa msinkhu wa Kanyerere akhoza kukwera, koma pa mpando wa pambali pake pakhale munthu wamkulu.

"Ineyo ndiye wamkulu," anatero Loya.

"Malamulo akuti iwenso ndiwe mwana, werenga bwino," anatero mayi ake. "Ndipo musandiyang'ane ine. Ine kukwera pa mpando kuti ndisinthe babu ndimayamba ndalapa machimo."

Wazikepe anayang'ana Kanyerere. Mpando umenewo unali wake, panalibenso wina. Anadziona atakhala pambali pa mwana wake, kadzanja kake katamugwira pamkono, awiriwo akukuwira limodzi. Pobwera kumeneko, nkhani ikanakhala yawo. Loya akanafunsa kuti kwagwanji, iwo n'kumuuza kuti ndi yaitali. Zimenezi ndi zimene ankafuna pa ulendo wonsewo, osati ndege, osati hotela. Koma pakamwa anangoti "Hmm," n'kupitiriza kumwa tiyi. Amuna ena ali choncho, chimwemwe amachimeza ngati mankhwala.

Kuyambira tsiku limenelo, nthawi ya nkhomaliro ankakhala m'kachipinda ka makina padenga pa nyumba yosanja, atatsamira khoma, n'kumaonera Njoka pa foni. Poyamba ankaonera nkhope za okwera. Posakhalitsa ntchito inamugwira maso. Ankaimitsa kanema, kukulitsa chithunzi ndi zala, kuyang'ana pansi pa mipando. Zimene anaona zinamukondweretsa kwambiri. Magudumu ankagwira njanji pamwamba, pambali ndi pansi, moti sitimayo sikanachoka ngakhale itafuna. Phokoso lija la kakaka pokwera linali la mano achitsulo oiletsa kubwerera m'mbuyo. Mabuleki ake anali a mtundu umene iye ankaulemekeza, omwe amagwira okha magetsi akazima. Anaikonda Njoka ija monga mmisiri amakondera ntchito ya mmisiri mnzake, ndipo ankalakalaka atauza wina.

Tsopano pa ntchito ya zikepe, munthu amaphunzitsidwa kuyambira ku imfa. Mkulu amene anamuphunzitsa Wazikepe sankayamba n'kunena kuti ichi n'cholimba. Ankayamba n'kuti ichi chikaduka ugwa chonchi, uthyoka apa ndi apa. Ukamaliza kunjenjemera, ndiye ankakuonetsa kachitsulo kamene kamaletsa zonsezo, ndipo kachitsuloko sunkakaiwalanso moyo wako wonse. Wazikepe sankadziwa njira ina yofotokozera makina. Kwa iye, kutchula ngozi kaye kunali kulemekeza womvera.

Madzulo ena ali patebulo, Kanyerere anakweza mutu.

"Ababa, kodi Njoka ikazondoka anthu sagwa bwanji?"

Onse anatembenukira kwa iye. Panali patapita nthawi yaitali maso a anthu atatuwo asanamuyang'ane nthawi imodzi, akudikira mawu ake. Anaika supuni pansi, anapukuta manja, anakokera pafupi kabotolo ka mchere.

"Wafunsa bwino. Tiyambe ndi unyolo umene umaikoka pokwera. Iyi ndi sitima." Anakweza kabotolo kaja m'mbali mwa jagi ya madzi. "Unyolo uja ukaduka muli pafupi ndi nsonga, sitima yonse imabwerera chambuyo, liwiro lake loposa galimoto, n'kukawomba inzake imene ikukweza anthu pansi. Chimenecho n'choyamba. Chachiwiri, gudumu likasweka pokhota, sitima imapita kwina, njanji kwina. Chachitatu ndi chitsulo chija chimakugwira pamiyendo. Chikamasuka mutu uli pansi, munthu wochepa thupi ngati iweyo ndi amene amayamba kutsetsereka n'kugwa."

"Abambo," anatero mkazi wake motsitsa.

"Dikirani, ndikufika. Ndiye pali magetsi kuzima muli m'mwamba." Anazondotsa kabotolo, mchere n'kutayikira pa nsalu. Nkhope yake inkawala, poti tsopano amafika pokoma. "Zonsezi amisiri anaziganizira. Tamverani zimene anachita kuti..."

Foni inalira. Mayi wina anali atatsekeredwa m'chikepe ndi khanda, ndipo mlonda wa kumeneko ankayankhula ngati nyumba ikupsa. Wazikepe ananyamula chikwama cha zida.

"Ndidzamaliza ndikabwera," anatero ali pakhomo. Kanyerere ankangoyang'ana mchere uja.

M'mawa mwake anapeza mkazi wake kukhitchini akupaka buledi wa ana, maso ali ofiira.

"Mwana sanagone. Amangodzidzimuka kuti akugwa. Chonde, zazitsulo zanuzo muzizisiya kuntchito."

"Komatu sindinamalize."

"Mukufuna mumalize? Mwatsala ndi chiyani, mwambo wa maliro?" Anadula buledi mwamphamvu mpaka mpeni kugogoda pa mbale. "Ndayesetsa usiku wonse kumubwezera mtima m'malo. Ndamuonetsa ana anzake akutsika akuseka. Ngati inuyo simukuzikhulupirira zinthu zimenezi, khalani nazo mumtima. Za Njoka musazitchulenso m'nyumba muno, ndakupemphani."

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Wazikepe anavomera ndi mutu n'kupita kuntchito. Ankati mwana akadzakhazikika mtima adzapeza mpata womaliza, pang'onopang'ono, ali awiri. Koma mpata umafuna munthu wopezeka pakhomo, ndipo sabata imeneyo zikepe zinachita ngati zapangana.

Mantha a Kanyerere anatha, monga amathera mantha a ana, ndipo makonzedwe a ulendo anapitirira. Kungoti anasamukira kuchipinda kwa Loya. Wazikepe akafika madzulo ankapeza pabalaza pali zii, chitseko cha kuchipindako chili chokankhira. Mkatimo munkamveka kukuwa kwa anthu a mu kanema, kenako kuseka kwa atatu aja. Akagogoda, phokoso linkazima, Loya n'kuvundikira foni pabedi.

"Mwaswera bwanji, ababa? Timangoona za hotela."

Ankamusunga ngati wodwala amene sauzidwa za maliro. Iye ankaima pakhomopo pang'ono, manja ali m'thumba, n'kufunsa ngati zithunzi za mapasipoti zatuluka. Ankamuyankha mwaulemu n'kumadikira kuti achoke. Akabwerera pabalaza ankayatsa wailesi ya kanema osaonera, kuti asamamve kuti ayambiranso.

Tsiku lina anayesa njira ina, ndipo inali yoipa kuposa yoyamba. Anaganiza kuti eni ake a malowo akanena okha kuti Njoka amaiyendera m'mawa uliwonse, iye adzangomuonetsa mwana yankholo osaphwanya lonjezo. Anamupeza Loya akusita yunifomu.

"Tawalembera anthu aja. Uwafunse kuti mabuleki ndi unyolo amaziyendera kangati, ndiponso amasintha liti magudumu."

"Ababa, atiyesa apolisi."

"Ingofunsa."

Loya anayang'ana mayi ake, amene ankapinda zovala pampando. Mayiwo anapukusa mutu pang'ono. Wazikepe anaona kuyang'anana kumeneko, ndipo anadziwa kuti awiriwo amvana kanthu kena konena za iye, koma sanadziwe kuti n'chiyani.

Sabata yotsatira, akuyendera chikepe cha nyumba ina yaitali ya maofesi, anachita chinthu chimene sanachitepo chiyambire ntchito. Anali pamwamba pake monga mwa masiku onse, lamba ali m'chiuno, akuchitsitsa pa liwiro la kamba limene amisiri amayendera. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana kumbali, munalibe munthu. Anakweza dzanja limene linalibe chochita, monga amachitira anthu a mu kanema, n'kutulutsa kamawu kakang'ono, "Wuu." Mawuwo anagunda makoma n'kumubwerera. Anayesanso mokwezako. Bambo wamkulu, wa imvi m'ndevu, akuphunzira kukuwa m'dzenje la chikepe kuti asadzachititse mwana manyazi! Anaseka yekha. Anatsitsa dzanja n'kupitiriza kuyang'ana zingwe.

Loweruka lina masana, ulendo utayandikira, Loya anamuitana. Ulendo uno anali pabalaza onse atatu, atayala patebulo mapu a malo aja amene amayi anasindikiza kuntchito. Nkhope zawo zinali za anthu amene akonza mphatso.

"Khalani apa, ababa," anatero Loya. "Zokwera zikuluzikulu amafuna kusungitsiratu malo tisananyamuke, ndiye tamaliza lero. Njoka tikakwera tsiku lachiwiri m'mawa. Ine ndikakhala kumbuyo, Kanyerere kutsogolo ndi amayi."

"Ndi amayi?"

"Ndikwera ndine," anatero mkazi wake akupumira m'mwamba. "Ndikatseka maso, ndikaitana oyera onse, zikatha. Kubala ndi kumeneku."

"Ndipo inuyo takupezerani pabwino," anatero Kanyerere, atagwada pampando, chala chili pa mapu. "Apa pali benchi, pansi pa mtengo. Pali mthunzi. Pafupi amagulitsa ayisikirimu. Ndasankha ndine."

"Simukakwera chilichonse chimene simukufuna," anawonjezera Loya. "Palibe akakukakamizeni. Tagwirizana."

Wazikepe anayang'ana kachithunzi ka benchi kaja. Anamva kuti akangoti "Hmm" apanso, basi zatha.

"Komatu mpando umenewo ndimati ndikhalepo ine."

Mkazi wake anasiya kupinda ngodya ya mapu.

"Inu? Si inu mwakhala mukutiuza kuti tikafera kumeneko?"

"Sindinanene choncho. Foni inandidula." Mawu ankatuluka mothamanga tsopano, akupunthwa. "Unyolo ukaduka sitima sibwerera, pali mano achitsulo amene amaigwira pomwepo, ndi aja amalira kakaka. Magudumu ali mbali zitatu, limodzi likasweka ena amagwira. Chitsulo cha pamiyendo chili ndi maloko awiri. Magetsi akazima mabuleki amatseka okha. Chinthu chija n'chopangidwa bwino kuposa chikepe chilichonse chimene ndinagwirapo. Ndimachionera tsiku lililonse pa nkhomaliro. Sindikuopa ayi." Anaima kaye, n'kunena chimene chinatsala. "Ndimafuna kukwera ndi mwana wanga. Pa ulendo wonsewu ndimafuna chimenechi basi. Ndatopa kumva nkhani zanu zitatha kale."

Mkazi wake anagwira pakamwa. Maso ake anadzaza misozi.

"Abambo inu, bwanji osanena nthawi yonseyi?"

"Munati ndisatchulenso."

"Ndinati musamuopseze mwana, sindinati mufe nazo." Anapukuta m'maso ndi chala n'kuseka pang'ono. "Ndiye mwandipulumutsatu. Ine ndimachita kulota maliro anga. Loya, zimasinthika?"

"N'kungosintha dzina," anatero Loya, foni ili kale m'manja. "Kanyerere, wamva? Ukwera ndi ababa."

Kanyerere anali atakhala pansi bwinobwino, chinthu chosachitikachitika, akukanda m'mphepete mwa tebulo ndi chikhadabo.

"Iwe, akukufunsatu," anatero mayi ake.

"Ndikufuna amayi."

"Usatero. Sunamve? Ababa ako saopa."

"Ndamva." Mwanayo anakweza maso n'kuyang'ana bambo ake, osati mwamwano, koma mwachisoni. "Ababa, inu mukakwera chinthu mumamvetsera. M'chikepe cha kuchipatala muja munapendeketsa mutu chonchi, nkhope n'kuuma. Ngakhale m'basi mumatero. Ndiye ine ndimayang'ana nkhope yanu kuti ndidziwe ngati tikugwa. Pa Njoka ndizikangoyang'ana inuyo, sindikaona chilichonse. Amayi amangokuwa. Ndikufuna wokuwa naye."

"Ndikhoza kukuwa," anatero Wazikepe. Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri, moti Loya anayang'ana kumbali.

"Mukhoza. Koma mukakhala mukumvetserabe."

Mayi ake anatsegula pakamwa kuti amudzudzule, koma Wazikepe anawagwira pamkono.

"Musiyeni. Sakunama."

Ndipo sankanamadi. Iye anadziwa kuti sitima ikadzayamba kukwera, khutu lake lidzapita lokha ku mano achitsulo aja kuti limve ngati onse akugwira, ndipo pokhota adzamvetsera magudumu. Zaka zonsezi ankaganiza kuti chomulekanitsa ndi ana ake ndi foni, yoti akhoza kuisiya m'dirowa. Zinamupweteka koposa chifukwa mwanayo anali atamuyang'anitsitsa nthawi yonseyi, n'kumudziwa bwino chotere.

Loya anali atagwirabe foni, chala chili m'malere.

"Ndisinthe kapena ndisasinthe?"

"Usasinthe," anatero bambo ake.

Kanyerere anatsika pampando n'kudzatsamira pa phewa lake, mtima uli m'mwamba ngati walakwa.

"Mwakwiya?"

"Ayi, mayi wanga." Anakokera mapu pafupi n'kuvala magalasi ake owerengera, ngakhale ndi omwewo sankaona bwino. "Tandionetsanso benchi ija. Ukakhala pamenepo, Njoka imaoneka?"

"Imaoneka pamene imatsika. Tikamadutsa ndidzakubayibitsani."

"Uzigwira chitsulo ndi manja onse," anayamba kunena, koma anadziletsa pakati. "Chabwino. Udzandibayibitse. Ndidzakhala ndikuyang'ana."

Mwanayo anamuonetsa njira yochokera pa geti kukafika pa mtengo uja, ndipo iye anaitsatira ndi chala.